M'mimba mwanga ndi m'mimba mwa Mzime

Lachiwiri, 4 Marichi

Andigoneka dzulo masana. Ndinasanza magazi kusaluni, kasitomala ali pampando, tsitsi lake nditaliluka mbali imodzi. Abwana anga ndi amene anathamanga nane kuno. Akuti m'galimoto ndinkangodandaula za mutu wa kasitomala uja, koma ine sindikukumbukira.

Dzanja lamanzere lili ndi diripu. Lamanja lili pa ulova, ndiye ndapempha cholembera kwa anamwino kuti ndizilemba zimene akundichita, chifukwa Amayi akandifunsa ndimangoti andibaya, iwo n'kumafuna kudziwa kuti andibaya chiyani.

Adokotala akuganizira zilonda za m'mimba. Magazi achepa kwambiri. Andiika paketi imodzi ya magazi, ina mawa. Kudya ayi, madzi ongonyowetsera milomo.

Kumanja kwanga kwagona mayi wa shuga amene amudula chala chakuphazi. Ankaphunzitsa sukulu, ndiye wodi yonse imawatcha Aphunzitsi. Kumanzere kuli mayi wina amene ndawapatsa dzina loti a Wailesi. Chidzukire sanazime.

Lachitatu, 5 Marichi

Paketi yachiwiri yalowa. Chizungulire chachepa.

Adokotala anabwera ndi ophunzira awo. Mowa? Ayi. Fodya? Ayi. Mapiritsi opha ululu? Eya, chiyambire ndili kusekondale, chifukwa cha mutu, nthawi zambiri ndisanadye. Anapukusa mutu n'kulemba. Kenako anafunsa ngati ndimaganiza kwambiri. Ndikuti nditsegule pakamwa, anali atafika kale pabedi la a Wailesi.

Masana kunabwera Amayi ndi Mzime wathu. Mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ine makumi awiri ndi zinayi, moti anthu amayesa ndi mwana wanga. Anachokera kukiliniki ya ana, yomwe ili mumpanda womwe uno, kuseri kwa polandirira mankhwala. Amapita Lachitatu lililonse.

Nkhani yake ndi iyi. Chaka chatha Mzime anayamba kudandaula m'mimba, n'kuyambanso kukodza pogona. Anamuyeza zonse, anamupatsa mankhwala a nyongolotsi, palibe chinapezeka. Kenako anakumana ndi adokotala a ana, amayi enaake, amene anasiya kukanda mimba n'kufunsa Amayi kuti kunyumba kukuyenda bwanji. Akuti anafunsa mofatsa, chitseko atatseka, Mzime akujambula pakona. Amayi analira n'kunena zonse: mowa wa Abambo, zibakera, mbale zouluka. Pasanathe miyezi iwiri anamanga katundu n'kubwera ndi mwana kunyumba yanga ya lendi.

Ndinasangalala tsiku limenelo. Lero ndili chigonere ndi pamene ndayamba kuwerenga bwino nkhaniyo. Mbale zinayamba kuuluka ine ndisanayambe sukulu.

Mzime anali ndi kanyenyezi komata padzanja. Anandionetsa katatu.

Lachinayi, 6 Marichi

Andiunika m'mimba. Amalowetsa kachingwe kokhala ndi kamera kukhosi. Anandipopera mankhwala owawa pakhosi, n'kundilumitsa kapulasitiki, ndipo bambo wina anandigwira mutu kuchokera kumbuyo osandiuza. Ndinamukankha ndi chigongono. Anaseka, ati munthu wamkulu ngati ine. Thupi lonse linali likunjenjemera mpaka kuwodi. Si kachingweko ayi. Ndi dzanja lobwera kumbuyo.

Apeza zilonda ziwiri ndi tizilombo tina ta m'mimba. Mankhwala: kapisozi wochepetsa asidi m'mawa ndi madzulo ndisanadye, ndi mitundu iwiri yophera tizilomboto. Opha ululu aja andiletsa mpaka kalekale.

Amayi anandiuzapo kuti adokotala a Mzime sagwira mwana asanamupemphe. Chomvera pachifuwa chija amayamba achitenthetsa m'manja, n'kumvera kaye chidole, kenako n'kufunsa mwanayo kuti ayambe pamimba kapena kumsana. Mwana akati lero ayi, amasiya.

Ine amene m'mimba mwaboolekadi ndagwidwa ngati mbuzi yokamwetsedwa mankhwala.

Lachisanu, 7 Marichi

Andilola phala lamadzimadzi. Ndamwa masipuni angapo, lakhazikika. Diripu achotsa.

Amayi anabwera okha. Anandifunsa kamodzi kuti ndadzuka bwanji, nkhani yonse yotsala inali ya Mzime. Akuti sabata ino wangonyowetsa kamodzi. Akuti akanyowetsa samukalipiranso, amangosintha zofunda n'kumuuza kuti si mlandu wake. Adokotala anawafotokozera kuti thupi la mwana amene wakulira m'mantha limakhala lili tcheru ngakhale ali m'tulo, ndiye limafunika nthawi kuti likhulupirire kuti phokoso latha. Anawaphunzitsanso kuti mwana azigona nthawi imodzimodzi, azidziwiratu amene akamutenge kusukulu, ndipo akafunsa za Abambo amuyankhe zoona. Amayi ankalankhula ngati munthu wakhoza mayeso.

Ndinawakumbutsa kuti inenso ndinkanyowetsa mpaka nditakula ndithu. Ndinawakumbutsa kuti ankandisenzetsa bulangeti kukayanika pachingwe cha anthu onse, ana a maneba akundiimba. Anayang'ana pansi n'kuyamba kupukuta sipuni yoyera kale.

"Iwe unali wolimba," anatero. "Sunkadandaula."

Ndikanadandaulira ndani? Ndi iwo omwewo amene ankandiuza kuti za m'nyumba sitinena kunja.

Loweruka, 8 Marichi

Mphamvu zabwererako. Ndaluka Aphunzitsi mizere isanu ndi umodzi, atakhala pampando ine pabedi. Tsitsi lawo ndi lofewa, layamba imvi. Atadziyang'ana pagalasi la foni anati amuna awo akabwera ayesa alowa wodi yolakwika.

A Wailesi anamva zonse za dzulo, makatani a muno sabisa mawu. Ati ndi manyazi munthu wa msinkhu wokwatiwa kuchitira nsanje kamwana. Ati iwo anakula ndi chikwapu ndipo si awa ali bwinobwino. Aphunzitsi anawafunsa kuti ngati ali bwinobwino akutani muno. Wodi yonse inaseka, ine chilonda chinandikoka.

Aphunzitsi anandinong'oneza kuti nsanje si mlandu, koma imafuna kudyetsedwa, ndipo imadya zimene ili nazo pafupi.

Lamlungu, 9 Marichi

Abambo anabwera.

Ndinawadziwa asanalowe, ndi kutsokomola kwawo pakhonde. Anavala shati yosita, atanyamula malalanje. Anapatsa moni bedi lililonse, a Wailesi n'kumati koma pali ana ena amwayi. Anakhala pabedi panga penipeni, matiresi n'kupendekera kwa iwo. Ati mowa anasiya. Ati nyumba yazizira. Ati ine ndine wamkulu, ndilankhule ndi Amayi abwerere, mwana asakule ngati wamasiye bambo ali moyo. Ankalankhula akusisita phazi langa pamwamba pa bulangeti.

Ine ndinkangoti eya, eya. Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sitandade wani.

Atapita ndinasanza phala lonse. Magazi munalibe. Anamwino atandiyeza anapeza mtima ukuthamanga, n'kufunsa ngati ndinakwera masitepe. Malalanje ndapatsa a Wailesi. Ndi oletsedwa kwa ine.

Lolemba, 10 Marichi

Magazi akwerako pang'ono. Akuti ndikapitiriza chonchi nditha kutuluka Lachisanu. Andilola mpunga wofewa ndi nthochi.

Ndawauza Amayi za dzulo. Ati Abambo anafikanso pageti la kunyumba, iwo sanatsegule. Ati sangabwerere, chifukwa adokotala ananena kuti Mzime akufunika nyumba yabata, ndipo akuona okha mmene mwanayo wasinthira, wayamba kuimba posamba.

Chifukwa cha Mzime. Ndinadikira kuti mwina awonjezerapo kanthu. Anatsegula fulasiki n'kundifunsa ngati tiyi wamkaka ndi wololedwa.

Ndikudziwa kuti ndiyenera kuyamika. Mwanayo ndinamubereka kumsana ndine, matewera ndinkachapa ndine. Koma ndikamuganiza atakhala pakampando kake kukiliniki, munthu wophunzira atagwada kuti maso awo alingane, akumufunsa kuti ukumva bwanji, kuyamikako kumandikanika. Ine zaka zonse zija ndinapita kuchipatala kangati ndi mutu, ndi mimba, tsiku lina ndi dzanja lotupa? Ankandipatsa mapiritsi m'kapepala n'kuitana wotsatira.

Lachitatu, 12 Marichi

Ndachita chinthu choipa.

Mzime anabwera ndi chithunzi chimene wajambula kukiliniki, akuti ndi cha ine. Anakwera pabedi n'kuyamba kundifotokozera kuti adokotala ake amuphunzitsa kupuma ngati akuuzira kandulo m'mimba mukayamba kupota, ndipo akufuna andiphunzitse kuti nanenso ndichire. Adokotala anga, adokotala anga, sanamalize chiganizo osawatchula. Amayi akumwetulira pambali.

Ndinamuuza kuti atsike pabedi. Kenako ndinati, "M'mimba mwakomo mulibe kanthu iwe. Anakuyeza sanapezemo chilichonse. Odwala enieni ndi ife tagona kunofe."

Sanalire. Anapinda chithunzi chija kanayi n'kuchiika m'thumba la yunifolomu. Anakaima kuseri kwa Amayi, maso ali pakhomo. Kaimidwe kameneko ndikukadziwa. Ndi mmene Mzime ankaimira nthawi zonse Abambo akalowa.

Amayi anangoti tiyeni tizipita. Aphunzitsi atembenukira kukhoma, sanandilankhule mpaka pano.

Lachinayi, 13 Marichi

Chimbudzi chakuda ngati phula. Chilonda chimodzi chayambanso kutuluka magazi. Diripu yabwerera, mankhwala a asidi akudutsira mumtsempha. Kudya ayi. Za Lachisanu zafa.

Lachisanu, 14 Marichi

Paketi ina ya magazi. Kufooka.

Amayi ati Mzime wanyowetsa masiku onse awiri. M'mawa m'mimba mutamupota anabisala kubafa osanena, atamupeza anati sakufuna kunama. Amayi anakadziwitsa kukiliniki. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Loweruka, 15 Marichi

Magazi asiya. Phala layambiranso.

Masana kunabwera mayi wamfupi, wa nsapato zakutha chidendene, ali ndi chimfine. Ndinayesa mlendo wa a Wailesi. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kunena kuti ndi adokotala a Mzime. M'mutu mwanga ndinkawaona aatali, onunkhira, a mawu ngati a pawailesi. Kumeneku ndiye kunali kukhumudwa: munthu amene wandisowetsa tulo sabata yonse n'kukhala wamamina chonchi.

Anafunsa ngati angakhale, ndiponso ngati ndikufuna atseke katani. Ati ndikafuna kuti apite, apita. Ndinati akhale, ndikudikira kukalipiridwa.

Sanatchule n'komwe zimene ndinanena Lachitatu. Ati za mwanayo sangandiuze zambiri, koma pali chinthu chimodzi chimene Mzime anawalola kunena. Tsiku loyamba anamufunsa kuti phokoso likayamba amathawira kwa ndani. Anayankha kuti kwa asisi. Ati asisi, ngakhale atasamuka, ankabwera Loweruka lililonse chifukwa ndilo linali tsiku loipa, n'kumutengera kubafa, kutsegula mpope kuti madzi azisokosa, n'kumamuluka mpaka kunja kutakhala zii. Adokotalawo anati mwana amene ali ndi munthu mmodzi wotero amachira msanga kuposa amene alibe, ndipo ntchito imene iwo akugwira panopa inayambidwa ndi ine.

Ndinati zikomo, koma mouma. Kuyamikiridwa sindiko ndinkafuna.

Anamina. Kenako anati, "Nanga inuyo muli wamng'ono, ankakutengerani kubafa ndani?"

Ndinati palibe. Ndinkalowa ndekha kuseri kwa kabati. Ndiye mawu anangoyamba kutuluka okha, osati okoma. Ndinawafunsa kuti iwo anali kuti nthawi imeneyo. Ndinawauza za dzanja lotupa lija, kuti amene anandimanga bandeji anafunsa Amayi chimene chachitika, Amayi anati ndagwa mumtengo, iye n'kundiuza kuti atsikana sakwera mitengo. Kwathu kunalibe mtengo. Ndinawauza kuti ndikumuchitira nsanje mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndikudziwa kuti ndi zochititsa manyazi.

Sanandiuze kuti ndisamve choncho. Ati nthawi imeneyo iwo anali pasukulu, ndipo ngakhale amene anali pantchito sanaphunzitsidwe kufunsa, ena ankaopa yankho. Ati munthu wina anayenera kundifunsa, ndipo sanandifunse. Ati sanganene kuti zilondazi zabwera ndi zimenezo zokha, pali tizilombo, pali mapiritsi, koma mutu umene unandiyambitsa mapiritsiwo ndi wofunika kuufunsa kumene unachokera.

Iwo amaona ana okha. Koma pachipatala pompano pali mlangizi woona akuluakulu, ndikafuna andilembera. Anandiuzanso chinthu chimene sindinkadziwa: wodwala ali ndi ufulu wokana mlendo, angouza anamwino.

Atapita ndinafunda kumutu. Aphunzitsi anatambasula dzanja n'kundigwira chala. A Wailesi, kwa nthawi yoyamba, anazima.

Komabe nsanje sinachoke. Mzime amawaona sabata iliyonse. Ine ndalawako kamodzi.

Lamlungu, 16 Marichi

Ndinali ndisanauze anamwino zokana mlendo zija. Ndinkati ndiwauza m'mawa, kenako ndinkati masana, lilime likulemera.

Nthawi ya alendo Amayi anali atakhala pambali panga akuziziritsa tiyi. Ndinamva kutsokomola kuja pakhonde. Ndinangoti, "Amayi, sindikufuna."

Anandiyang'ana. Ndinkayembekezera zimene ndazolowera, zoti ndi bambo ako, ungopirira pang'ono. Anaika kapu pakabati, anakonza mpango kumutu, n'kunyamuka. Anakumana nawo pakhomo penipeni pa wodi, n'kuima pakati. Amayi ndi aafupi, Abambo ankandiona bwinobwino pamwamba pa mutu wawo.

Abambo anayamba ndi mawu aulemu aja. Ati sanadzere Amayi, sanadzere wamng'ono uja amene madokotala amudzaza maganizo, abwera kudzaona mwana wawo wamkulu, amene samawakana.

Amayi sanakweze mawu, koma wodi inali chete moti tonse tinamva. "Wamkuluyo ndiye anaona zambiri. Ndinamusiya aziona zaka zonse zija. Lero wati sakufuna, ndiye simulowa."

Abambo anaseka, anayesa kuwalambalala. Amayi anasuntha nawo. Anamwino anadzuka padesiki, ndipo a Wailesi, omwe aja a malalanje, anakuwa kuti bambo mwamva, kazipitani. Abambo anaima pang'ono, akuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna mboni, kenako anatembenuka.

Amayi atabwerera anafuna kunyamula kapu, tiyi n'kutayikira pabulangeti. Tinayamba kupukuta tonse awiri ndi kansalu kamodzi. Ali chiweramire anati, "Ndinachedwa, mwana wanga." Anakhala mpaka belu lotulutsa alendo litalira, ndipo dzina la Mzime silinatuluke.

Lolemba, 17 Marichi

Magazi ali bwino. Ndadya mpunga ndi dzira lowiritsa. Ndauza anamwino za alendo, alemba pafayilo. Ndavomera zokaonana ndi mlangizi, andipatsa Lachinayi la sabata yamawa.

Aphunzitsi atuluka lero. Ati ndikawamasule ndekha mizere ija, wina asayerekeze.

Lachitatu, 19 Marichi

Anditulutsa. Ndikulemba ndili kunyumba. Mankhwala: kapisozi wa asidi miyezi iwiri, ophera tizilombo ndimalize, a magazi kamodzi patsiku. Kuunikanso pakatha mwezi ndi theka. Ndawauziratu kuti aliyense wondigwira mutu aziyamba wanena.

Amayi ndi Mzime anabwera kudzanditenga atachoka kukiliniki. Mzime anakana kulowa, anatsalira pabenchi la pakhonde. Ndinapita ndekha, pang'onopang'ono, n'kukhala kumapeto kwa benchilo. Kugwada sindikanatha.

Ndinamuuza kuti ndinanama tsiku lija. M'mimba mwake mumawawadi, ndipo mukawawa azinena. Anandifunsa kuti nanga ndinanamiranji. Ndinati nsanje. Anafunsa kuti nsanje ya chiyani, popeza ine ndili ndi foni ndi nsapato zazitali. Ndinati ya adokotala ake.

Anaganiza nthawi yaitali, miyendo ikugwedera m'munsi mwa benchi. Kenako anati tikhoza kumagawana, iye Lachitatu, ine tsiku lina. Ndinamuuza kuti andipezera wanga. Anafunsa ngati wangayo ali ndi makrayoni. Ndinati ndikukayika. Anandimvera chisoni kwambiri.

Chithunzi chija sanandipatse, inenso sindinachipemphe. Koma analanda jumbo ya mankhwala kuti anyamule iye.

Potuluka anatsogola. Ankadumpha mizere ya simenti, jumbo ikuwuluka, akuimba kanyimbo ka kusukulu. Tinadutsa zitseko zambiri, amuna ambiri atakhala m'mabenchi, wina anatsokomola, iye osacheuka n'komwe. Ine chitseko chilichonse ndinkayamba ndasuzumira. Ndinayang'ana kamsana kakeko ndipo ndinamuchitira nsanje kuyambira pakhonde mpaka pageti.

Pageti ndinamukuwira kuti adikire, kuli magalimoto. Anaima, n'kutambasula dzanja kumbuyo osayang'ana, kudikira langa.